Batani Lokwana Chala cha Mlimi

Inu amene mwagwa mphwayi, senderani kuno mumve za Pauline wa ku Tsangano.

Mayeso a Folomu 4 anamugwetsa kawiri, ndipo kachiwiriko anamukhalira pamsana. Alamu ake anali atamupezera kale ntchito yochapa matewera ku Lilongwe. Iye anapempha kuti amudikire mpaka mbatata ikumbidwe.

Ankathandiza pa kashopu kotchajira mafoni. Mwini wake anali ndi laputopu yokalamba, yotsokomola poyaka ngati wosuta chingambwe. Pamenepo Pauline anadziphunzitsa kupanga apu, tija timakhala mufoni. Yake inali yoti mlimi akakumba kachewere azingodina, a malole adziwe kokatenga, mbatata isaolere pamsewu.

Poyamba akasintha kanthu ankazimitsa zonse n'kuyambiranso, kudikira mpaka tiyi kuzizira. Kenako anapeza chida china, amati Flutter. Ukalumikiza foni ndi chingwe n'kukonza pa laputopu, pafoni pamasintha pompo. Apo ndiye mwana anathamanga.

Linafika tsiku lokaonetsa apuyo ku kalabu ya alimi. Akaikana, wa ku Lilongwe unali ulendo basi. Apampando, a Evance, anagwira foni. Koma chala chawo, abale, n'choleredwa ndi khasu, chachikulu ngati mbatata amalimayo, pomwe Pauline anayezera mabatani pa tizala take. Akadina limodzi, ankavomera atatu. Anthu anafa ndi phwete. A Evance anayamba kubweza foni, amvekere zimenezi n'za ana a m'tauni.

"Musaisiye, bambo," anatero Pauline. "Ingoyang'anani pomwepo."

Anagogoda palaputopu paja. Batani linafufuma foni ili m'manja mwawo, ngati mandasi m'mafuta. Mkuluyo anangotsala pang'ono kuiponya pansi. Anadinanso mwamantha, linavomera limodzi lokha.

"Iwe mwana, onjezera," anatero. "Cha amayi ako kunyumbaku chimaposa changa."

Alimi anandanda pamzere, aliyense atatukula chala ngati akukavota. Wina anadandaula kuti malembo ndi aang'ono ngati nyerere, malembowo anakula iye asanatseke pakamwa. Pobalalika, kalabu inali itailandira apu ija. Alamu aja anauza a ku Lilongwe kuti afune wina, ndipo lero amayenda akuuza anthu kuti nzeruzo anamupatsa ndi iwo.

Ndiye inu, chikalakwika musagwetse nyumba yonse. Konzani pomwe palakwikapo, ngakhale akukusekani. Koma mtima wokhawo musautaye, ulibe sipeya kugolosale.