Thadzi Langa ndi Msuzi wa a Kapitawo

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anagwidwa ndi masamba okhwima m'dengu. Munali m'zaka za m'ma 1950, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala pamalo a mzungu wa esiteti ya tiyi chakufupi ndi Muloza. Nyumba tinamanga tokha, koma nthaka inali yake. Ntchito ikakuthera, unkasamuka.

Lamulo la m'munda linali lodziwika: kutchola masamba awiri anthete ndi kansonga kake, basi. Tsikulo kunali chiperoni, amayi akumva malungo, zala zitauma ndi chisanu, ndiye anangopulula ndi okhwima omwe kuti dengu lidzaze msanga. Analakwa ndithu, sindingawabisire.

Woyang'anira anali a Kapitawo Nakoma, kamunthu kakafupi ka chipewa chimene bwana anataya. Nsapato ankazikoleka m'khosi, n'kuzivala akamva galimoto ya mzungu. Ati ulemerero umenewo! Anakhuthulira dengu la amayi m'matope anthu onse akuona.

"Mayi a Esinati, tiyi ameneyu kapena zakudya za mbuzi? Mawa ndikakunenezani kwa bwana. Kamangeni katundu." Kenaka anatsitsa mawu. "Komatu akazi anga sakupeza bwino, akulakalaka kamsuzi."

Matenda a akazi awowo tinkawadziwa tonse. Ankayamba munthu akalakwa pantchito, n'kutha nkhuku ikalowa mumphika.

Pakhomo pathu nkhuku inalipo imodzi, thadzi langa lofiira limene amalume anandibweretsera kuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire. Linali litakhalira mazira kunsi kwa nkhokwe. Ndinalira, ndinagubuduka, koma amayi anangoti, "Esinati mwanangu, akatichotsa tikagona kuti?" Ndinalimanga miyendo ndi luzi, n'kukalipereka ndekha. A Kapitawo analitsina pachidale, nati, "Lowonda, komabe siyani." Mazira aja anazizira, anasukusa onse.

Kutacha, amayi anasanduka wantchito wabwino, woyamikiridwa pagulu. Mlandu wa masamba sunamvekenso.

Posakhalitsa, a Nasimango, mayi wamasiye woyandikana nafe nyumba, anafika mochedwa kumunda chifukwa mwana anali atakomoka. Iwo analibe ngakhale kamwanapiye. Anagwada, anapepesa, koma nkhani inakafika kwa bwana tsiku lomwelo. Ndinaona amuna otumidwa ndi bwana akusasula udzu padenga la nyumba ya a Nasimango, iwo atasenza mphasa ndi mphika, mwana kumsana, akulowera njira ya ku Milanje. A Kapitawo anaima poteropo, nsapato zili m'khosi, akutokosa m'mano.

"Lamulo ndi lamulo," anatero. Ha! Lamulo lake liti, la m'mimba? Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imene ija ndimafuna kulavula.

Nanenso ndinadzayang'anirako anthu pantchito nditakula, ndipo ndinadzudzula ambiri. Wolakwa ndinkamuuza chimene walakwa ndi chimene akonze, ndipo wobwera kunyumba kwanga ndi kanthu m'manja ankabwerera nako. Chifukwa chilango cha a Nakoma sichinakonze munthu ndi mmodzi yemwe. Anthu sanasiye kuchedwa, sanasiye kupulula masamba. Anangophunzira kuweta nkhuku.

Amayi nawo anaphunzira. Mwezi wotsatira anakapempha anapiye kwa achemwali awo, ndipo ataona ndikuwatolera chiswe mokondwa, anandigwira dzanja. "Usawazolowere amenewa, mwanangu. Si ako. Ndi a a Kapitawo."