Jekete Lapinki la Tadala

Dzulo pamsika wa Lewisham ndinaona kajekete kapinki ka mwana, ndinangoima n'kumakayang'ana.

Mayi anga atamwalira ku Zomba, amayi aang'ono, amene anali nesi, ananditengera kunja kwa dziko, ku Woolwich. Ndinafika nyengo yozizira ndilibe chofunda. Anandiveka jekete lapinki la mwana wawo wamkazi Tadala, lonunkhira mafuta a kokonati pakolala. Anyamata kusukulu ankandiseka.

Tsiku lina aphunzitsi anatisimbira za mfumukazi ina ya ku Girisi wakale. Mchemwali wake atamwalira, inatenga mwana wamwamuna amene anasiya n'kumuveka zachitsikana kuti mulungu wamkazi wansanje asamupeze. Nkhani yangatu iyi!

Kunyumba ndinawapeza amayi aang'ono akusita yunifolomu.

"Amayi, mukundibisa kwa ndani? Ndani akufuna kundipha?"

Anaika ayironi pansi, n'kuseka mpaka misozi.

"Iwe, ndikukubisa kwa chisanu! Tabwera kuno." Anandikokera zipi mpaka pachibwano.

Sindinawakhulupirire. Ndinkapita kusukulu ndikucheukacheuka, koma monyada ngati mwana wa mfumu.

Amayi aang'ono nawonso anatisiya, anagona ku Zomba pafupi ndi mkulu wawo, mayi anga. Ankandibisadi amayiwo. Umasiye unandisaka zaka zonsezo, n'kudzandipeza tsiku limene tinawaika.