Mbali ya Kuzenera

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mayi a kunyumba anamwalira osaidziwa. Ine ndinaphunzira kuwerenga ndili kale ndi ana atatu, ndipo anandiphunzitsa ndi a pulofesolo Jasse. Tsiku limene anthu a mfuti analowa m'mudzi mwathu n'kufunsa kuti mphunzitsi ndani, ndinawaloza ndine. Anawatenga, sanabwerenso. Patapita zaka, shikola yawo inatsala m'manja mwanga, ndipo mwana wawo Rozita ankakhala m'kalasi mwanga.

Chaka chomaliza cha nkhondo kunabwera Dona Filomena, mayi woyendera mashikola, atanyamula kamera yobwereka. Anandijambula ndikuphunzitsa masamu, n'kundiuza kuti ndikadzionere ku Tsangano, kumene kunali injini ya magetsi.

Ndinanyamuka kwathu, kufupi ndi Ntengo-Wambalame, Lachiwiri dzuwa likutuluka, nditatenga chimanga chokazinga ndi kathumba ka kachewere. Ndinkaponda momwe zaponda ng'ombe, poti pomwe ng'ombe yadutsa n'kukhala moyo palibe bomba. Dzuwa lili pamutu ndinafika pamphambano pomwe inkaima koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Woyendetsa anakana ndalama, anati mapepala sadyedwa. Anatenga kachewere yense.

Pamwamba pa matumba a nyemba ndinakhala ndi a Bernardo, mphunzitsi wa ku Chidzolomondo, amene anali atayenda masiku atatu wapansi, malaya abwino atawakulunga m'nsalu.

"Achikulire, munadzionapo chakumbuyo?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ine ana amandiseka ndikatembenuka. Akazi anga akuti palibe dazi, koma lero ndikamva kwa makina."

Tinadya chimanga changa, fumbi likutikuta, mphepo ya m'mapiri ikutiluma makutu. Msilikali wina anagona njira yonse atatsamira mfuti. A Bernardo anati ndiye kuti msewu uli bwino lero, ndipo unalidi bwino.

Tinafika dzuwa litapendeka. Tinali aphunzitsi asanu ndi mmodzi m'kachipinda, kanema ali pampando. Dazi la a Bernardo linaonekadi, lalikulu ndithu, tinaseka mpaka misozi. Kenaka ndinatulukira ine. Ndinakondwa. Mawu ankamveka, manambala anali owongoka pabolodi, ndipo sindinkaoneka ngati munthu woyamba shikola ali ndi ndevu.

Dona Filomena anaimitsa kanema, n'kubweza m'mbuyo.

"Mumaphunzitsa bwino, a pulofesolo. Koma taonani mapazi anu. Aloza kuti?"

"Kukhomo, Dona."

"Phunziro lonse simunatembenukire kuzenera. Khosi limakuvutani?"

"Ayi."

Anaika chala pagalasi. "Mtsikana wa pazenera uyu wakweza dzanja apa. Apanso. Apa kachitatu. Tsopano taonani." Dzanja la Rozita linali pamiyendo, maso ali panja. "Mukapitiriza chonchi, chaka chamawa mwana uyu sabweranso. Ndawaona ambiri, amangoleka mwakachetechete."

Sanafunse chifukwa, inenso sindinanene. Kamera ija sinkadziwa zimene ndinachita kalelo. Inangoonetsa zimene ndinali kuchitabe tsiku ndi tsiku, ine ndikuyesa kuti zinatha. Ndipo zimenezi zokha ndi zomwe zinali zotheka kukonza.

Lachinayi koluna inabwerera. A Bernardo anali atagula chipewa pamsika. Pamphambano paja tinatsanzikana, ine n'kutsatanso mapazi a ng'ombe, mtima uli wopepuka kuposa popita.

M'mawa mwake ndinafika ana asanabwere. Ndinakoka tebulo langa n'kukaliika pafupi ndi zenera. Atakhala pansi onse ndinalemba samu pabolodi, n'kutembenuka thupi lonse.

"Rozita Jasse, bwera udzatenge choko."

Anayamba wayang'ana kumbuyo kwake, kenaka anaimirira.