Mapepala a Pansi

Pa shopu yathu ya fotokope tinkawatcha Mayi Akufunanji. Ankakhala pakona, kuseri kwa shelefu ya maenvulopu, pa kompyuta yakale yomwe zilembo zake zina zinali zitafufutika ndi zala. Ntchito yawo inali kutaipa makalata ofunsira ntchito, mayeso a m'sukulu, ndondomeko za misonkhano ndi zina zotero. Ine ndinali pa makina a fotokope, mapazi atatu kuchoka pa mpando wawo, kwa zaka khumi ndi chimodzi. Choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa munthu.

Anali mayi wamasiye, wosayankhulayankhula, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Sukulu analekezera panjira, koma ankawerenga chilichonse chogwera m'manja mwawo, ngakhale pepala lokulungira sopo. Vuto lawo linali lakuti sankatha kutaipa chinthu osachiika pamtima. Munthu akabweretsa kalata yozungulirazungulira, iwo ankavula magalasi n'kufunsa kuti, "Pepani bambo, kodi mwini kalatayi akufunanji?" Munthuyo ankayankha m'mawu asanu, iwo n'kunena kuti, "Ndiye tilembe zomwezo." Dzina lija linachokera pamenepo.

Mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, anali mphunzitsi wa kusekondale ndipo ankalemba nkhani zazifupi. Ife tinkangoti Aphunzitsi. Anali bambo wa pakamwa pokoma ndi nsapato zonyezimira, wolowa m'shopu ngati akulowa m'kalasi. Ankabwera Lachisanu masana, kope lili m'khwapa, n'kuliponya patebulo.

"Alamu anga okondedwa, nayi ina yamoto. Samalani zala zingapse."

"Zala zanga zinazolowera, alamu," ankayankha Mayi Akufunanji, maso ali pa kompyuta.

Ndinene mosabisa, nkhani za Aphunzitsi zinali zogonetsa tulo. Ndinkaziwerenga podikira kuti makina atenthe. Masamba atatu oyamba dzuwa likutuluka, mbalame zikuimba, mame ali mbee paudzu. Munthu akatulukira pa tsamba lachinayi ankangoyenda n'kumaganizira za moyo. Pomaliza aliyense ankalapa, apo ayi ankadzidzimuka n'kupeza kuti anali maloto.

Kamodzi kokha Mayi Akufunanji anayesa kunena pakamwa.

"Alamu, mtsikana wa m'nkhani yanuyi akufunanji?"

"Akufuna chimwemwe, monga tonsefe."

"Chimwemwe sichigwirika m'manja. Mupatseni chinthu choti ife tione ngati wachipeza kapena chamupulumuka. Nanga akumutchinga ndani? Ngati palibe, tiwerengerenji?"

Nkhope ya Aphunzitsi inagwa. Anati iwo zolembalemba anakaphunzira ku koleji, ndipo wotaipa ntchito yake ndi kutaipa. Anatha milungu itatu osaponda pashopu, mpaka mng'ono uja anaimba foni kudandaula kuti achemwali awakhumudwitsira bambo a ana.

Zitatero Mayi Akufunanji anapeza njira yawo. Nkhani iliyonse ankaitaipa kawiri. Yoyamba inkakhala monga momwe inalembedwera, ndi dzuwa lake ndi mbalame zake. Yachiwiri inkakhala monga momwe iwo ankaionera. Yoyamba ankaiika pamwamba, yachiwiri pansi, zonse mu envulopu imodzi, osanena kanthu. Aphunzitsi nawo ankalandira envulopuyo osanena kanthu. Koma nkhani ikatuluka m'nyuzipepala, inkakhala ya pansi. Nthawi zonse ya pansi, osasintha ngakhale kadontho kamodzi.

Ya pansiyo Mayi Akufunanji ankaigwira pa nthawi ya nkhomaliro, ena tikudya. Ankachotsamo anthu osafunika, akuti nkhani yaifupi ili ngati chipinda chimodzi, ukalowetsamo anthu asanu ndi awiri amapondana. Pamene Aphunzitsi analemba kuti "m'tauni ina", iwo ankaika khitchini yomwe mpopi wake ukudontha. Nthawi zina ankatembenuka n'kundifunsa mwadzidzidzi, "Iwe, mkazi akapeza kalata m'thumba la mwamuna wake, amayamba wakuwa kapena amayamba waibwezeramo?" Ndikayankha, ankapukusa mutu n'kulemba zosiyana ndi zomwe ndanena, ndipo zawozo n'zimene zinkakhala zoona. Mathero ndiwo ankawasowetsa mtendere. Ankatha masiku atatu akufufuta mizere iwiri yomaliza, akuti mathero sachita kugwa kumwamba, amatuluka m'zimene munthuyo wakhala akuchita kuyambira pa tsamba loyamba.

Abwana a shopu anali ndi lamulo lakuti Loweruka lililonse mafayilo onse a makasitomala azifufutidwa, ndipo wofufuta ndinali ine. Izi zimandiwawa mpaka lero. Kangapo konse ndinawauza kuti, "Amayi, bwanji osasungako mapepala anu?"

"Ndisungirenji? Si mlendo ameneyu, ndi mlamu wanga."

Patapita zaka zisanu ndi zitatu, kampani ina yosindikiza mabuku inavomera kusonkhanitsa nkhani khumi ndi zinayi za Aphunzitsi m'buku limodzi. Tsiku limenelo analowa m'shopu akuvina. Kenaka anatsitsa mawu, n'kuwerama pa tebulo la mlamu wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anatchula chinthu chomwe onse awiri ankachizemba.

"Alamu, musaganize kuti ndine wakhungu. Ndikudziwa zimene mwakhala mukuchita. Dzina lanu likhala pa tsamba loyamba, pansi pa langa. Mnzanuyu akhale mboni."

Analoza ine. Ndinavomera ndi mutu, chitsiru ine.

Mayi Akufunanji sanapemphepo chilichonse, koma atalonjezedwa, chinthucho chinawalowa. Anaimbira mwana wawo wamkazi yemwe amakhala kutali, ndinawamva akuti, "Amayi ako alowa m'buku." Anandifunsa ngati ndi bwino kulemba dzina lonse kapena kuyamba ndi chilembo chokha. Anakakonzetsa magalasi aja. Mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wosekerera yekha pa kompyuta ngati mwana woyembekezera yunifolomu yatsopano.

Bukulo analikhazikitsa Loweruka masana mu holo ya pasukulu ya Aphunzitsi. Sitinalione lisanafike tsikulo, Aphunzitsi ankangoti tidikire tidzadabwe. Tinatseka shopu msanga. Mayi Akufunanji anavala bulauzi yoyera ndi juzi yotuwa yakalekale, ngakhale kunja kunkatentha. Pakhomo pa holo panali tebulo la mabuku. Ndinatenga limodzi n'kutsegula. Tsamba loyamba, dzina la Aphunzitsi lokha. Tsamba lachiwiri, kuthokoza: Mulungu, mkazi wawo, ahedi, ngakhale mlonda wa pasukulu yemwe akuti ankawatsegulira laibulale. Mayi Akufunanji analanda bukulo, anayang'ana kumapeto, anayang'ana kuseri kwa chikuto, n'kulibwezera patebulo mosamala.

"Mwina anena pakamwa," anatero.

Tinakhala mzere wachisanu. Kutsogolo kunali mng'ono wawo, atavala mpango watsopano. Aphunzitsi anaimirira kuti aphunzitse achinyamata za kalembedwe ka nkhani yaifupi. Anakweza chala n'kunena kuti, "Choyamba, dzifunseni: munthu wanuyu akufunanji? Chachiwiri, akumutchinga ndani?" Ana asukulu anawerama n'kumalemba. Aphunzitsi anafika mpaka pa za chipinda chimodzi momwe anthu amapondana, ndipo holo inaseka.

Kenaka anati, "Alamu, tabwerani kuno kutsogolo."

Mayi Akufunanji anandigwira bondo. Anaimirira, anakonza juzi, n'kuyenda pang'onopang'ono pakati pa mipando, mutu uli chilili.

"Awa ndi amene amanditaipira," anatero Aphunzitsi, dzanja lili paphewa pawo. "Ndiye mukapeza chilembo chosowa m'bukumu, musandiimbe mlandu ine. Zala zake ndi izi."

Holo yonse inafa nacho chiseko. Aphunzitsi anatenga mulu wa mapepala a mfundo zawo zija n'kuwasenzetsa. "Tatigawireni anthuwa, alamu."

Ndipo anagawa. Mzere ndi mzere, pepala limodzi limodzi, akunyowetsa chala ndi malovu monga amachitira pashopu.

Ali mkati mogawa, mphunzitsi wina wamkazi anakweza dzanja. Anati m'bukumo muli nkhani ya bambo wodwala m'chipatala, yemwe m'mawa wa tsiku lomwe anamwalira anaona kuti batani la pa juzi ya mkazi wake latsala pang'ono kuthothoka. Anapempha singano kwa namwino, ulusi unapezeka wofiira wokha, ndipo anatha ola lathunthu akusoka batani limodzi, manja akunjenjemera, akukana kuthandizidwa. "Nditawerenga m'nyuzipepala ndinalira," anatero mayiyo. "Zimenezi munazitenga kuti?"

Aphunzitsi anayang'ana kudenga, n'kupuma mozama.

"Amenewo anali bambo anga," anatero. "Ndinali pomwepo, m'mphepete mwa bedi. Mlembi weniweni amalemba ndi mabala ake."

Bodza lamkunkhuniza! Bambo awo a Aphunzitsi anafera pa ngozi ya galimoto, ndipo singano sanaigwirepo. M'nkhani ya pamwamba, wodwala uja ankalalikira masamba awiri athunthu za kukhululukirana. Za batani zinali za pansi. Wosoka bataniyo anali amuna awo a Mayi Akufunanji, ndipo mayiwo anandiuza okha tsiku lomwe ankaitaipa, tsiku lokhalo lomwe ndinawaonapo akulira pantchito. Ndinayang'ana juzi yotuwa ija ikuyenda pakati pa mipando. Batani lachitatu linali losokedwa ndi ulusi wofiira, mokhotakhota. Ndinayang'ananso kutsogolo. Mng'ono wawo, yemwe anali m'chipatalamo m'mawa umenewo, anali atazyolika, akusewera ndi zipi ya chikwama.

Mayi Akufunanji anamaliza mzere womaliza, anaika mapepala otsala pampando wopanda munthu, n'kutuluka. Ndinawapeza pageti la sukulu.

"Amayi, tibwerere!" ndinatero mwaukali. "Mukaime pomwe paja muwaonetse batanilo. Ine ndikachitira umboni. Munthu ameneyu sangatichite chipongwe chotere ife tili chete."

"Ndikawaonetse kuti atani? Aligwiregwire?"

Anakulunga juzi ija pachifuwa ndi manja onse awiri. Sanalire. Ankayang'ana msewu.

"Dzina langa akanatha kulisiya, ndinazolowera kukhala pakona," anatero. "Koma amuna anga anandisiyira m'mawa umodzi wokha umenewo. Palibe anandilanda. Ndinautaipa ndekha ndi zala zangazi, n'kuuika mu envulopu."

Kumbuyo kwathu, mu holo, anthu anayamba kuomba m'manja.