Chipatala cha Matimati cha Che Latifu

Che Latifu, alamu anga a ku Kachulu, anakulira m'bwato. Zaka makumi atatu akuvuula matemba ndi milamba pa Chilwa. Nyanja itaphwa chaka chija, anakoloweka ukonde n'kulowa m'dimba la akazi awo, achemwali anga Mwanabibi. Sabata imodzi yokha, munthu anasanduka katswiri wa matimati. Ngakhale alangizi ankawadula mawu pakamwa.

Dimba limenelo ndi lomwe linkadyetsa nyumba yonse, mwana wawo Rahima ndi azing'ono ake anayi. Kwina kolowera kunalibe.

Tsiku lina mitengo itatu ya matimati inafota masamba akadali obiriwira. Achemwali anadula tsinde limodzi n'kuliviika m'tambula ya madzi. Posakhalitsa munayamba kutsika zoyera ngati mkaka.

"Bambo a Rahima, awa ndi matenda ofotetsa aja, alibe mankhwala," anatero. "Tizule tikatenthe kutali. Matenda amenewa amayenda ndi madzi."

"Kutentha? Mayi a Rahima, mutu ukuyenda bwino? Mlamba ukafooka timaubwezera m'madzi, umadzuka. Ili ndi ludzu basi."

Kuzula anazuladi. Koma achemwali atapita kumaliro kwa Mwambo, bambowa ananyamula odwala awo aja, ndi dothi lomwe, n'kukawaviika m'chitsime cha m'dimba, ati agonemo masiku awiri amwe akhute. M'mawa ndi madzulo ankatunga momwemo n'kuthirira mizere yonse, akuimba likhweru. Ndinaona ndi maso angawa. Nditayankhula, anandifunsa ngati ndinagwirapo nkhafi. Nkhafi ndi matimati zikukhudzana pati, anthuni?

Pasanathe masabata atatu dimba lonse linagona, matimati asanapse n'komwe. Ndinapsa mtima, sindinama. Achemwali anakhala pansi pakati pa mizere n'kulira. Alangizi atabwera anati pamalopo pasadzalidwenso matimati kwa zaka zingapo.

Lero achemwali amapalira mpunga wa eni ake kwa Kuntumanji. Nyanja inabwerera, koma bwato Che Latifu anagulitsa kalekale pofuna sipuleya yopopera mankhwala, ndiye amangoswera padoko manja ali kumbuyo. Anzawo akamakocheza amakuwa, "Adokotala, odwala aja adzuka bwanji?" Iwo amayankhabe mosaseka kuti chitsimecho chinangochepa madzi.

Dzulo ndinakadya kwawo. Ndiwo zinali matemba a madzi ndi mchere basi. Che Latifu anatafuna, anachita tsinya, n'kufunsa akazi awo chifukwa chake sanaikemo matimati.