Bolopeni ya m'thumba mwanga inamangitsa mnzanga

Ndinamangitsa munthu wosalakwa. Ndayambira pomwepa chifukwa mawu amenewa ndakhala ndikuwazemba kwa zaka zambiri, ndipo ndikapanda kuwaika pamwamba ndingafike kumapeto ndisanawatchule. Inenso pa nthawiyo ndinali wosalakwa, ndipo ndinamenyedwa ndithu, koma zimenezo sizifufuta zomwe ndinachita. Inu owerenga, mundipirire. Dzanja langa limachedwa, zilembo ndaziphunzira imvi zitadzaza kale m'mutu.

Ndimakhala ku Bangwe. Ntchito yanga kuyambira unyamata inali yokhoma mbaula, ndowa ndi makeni othirira mbewu. Pa shedi yathu kuseri kwa msika tinalipo awiri, ine ndi Fanuwelo. Anali wamng'ono kwa ine, ndiye ankanditchula achimwene ngakhale sitinali pachibale. Sizasi yodulira malata inali imodzi, tinkangolandirana. Mmodzi akadwala, mnzake ankamugulitsira katundu.

Ndinali ndi chinsinsi changa: sindinkadziwa kuwerenga. Ndinakulira m'minda ya tiyi, sukulu ndinkangoidutsa panjira. Nditabwera m'tauni n'kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, manyazi anandigwira. Ndinapempha munthu wina kuti andilembere dzina langa pa katoni, ndipo ndinalijambula kambirimbiri mpaka dzanja linazolowera. Kuyambira pamenepo ndinkayenda ndi bolopeni m'thumba la malaya, yoonekera bwino. Kutchalitchi ndinkatsegula buku la nyimbo n'kumaimba za pamtima. Kalata ikabwera ndinkauza Fanuwelo kuti maso akundivuta, andiwerengere. Iye ankawerenga, osafunsa kanthu.

Lolemba lina Fanuwelo anapita kumaliro ku Machinjiri, ndinatsala ndekha. Kunabwera bambo wina ndi wilibala ya malata, nati waphwasula khitchini yake. Ife amisiri timadalira malata otere, ndipo mtengo wake unali wabwino. Sindinamufunse dzina, sindinamufunse kumene amakhala. Ndinagula.

Lachinayi m'mawa kunafika apolisi awiri ovala zovala wamba, ali ndi mwini wake wa malatawo. Anawazindikira ndi penti yobiriwira yomwe anaika m'mphepete. Anabedwa pa nyumba yomwe ankamanga, ndipo akubawo anakhapa mlonda. Apa ndi pamene ndinayamba kulakwitsa. M'malo mofotokoza modekha, ndinakalipa. Ndinakoka mkono wanga pamene ankandimanga unyolo, ndikufunsa ngati akudziwa kuti ndine ndani. Yankho linali mbama, amayi ogulitsa tomato akuonerera. Ndinakwezedwa m'galimoto ngati thumba la makala.

Polisi yake sinditchula. Pa kauntala panali wapolisi wamkazi, wamsinkhu wa mwana wanga. Anandilanda lamba, zingwe za nsapato ndi bolopeni ija, n'kunena moseka kuti, “Awa ndi ophunzira, amayenda ndi cholembera chawo.” Ndinamva kukoma, tangoganizani, munthu ndili mu unyolo.

Za m'chitokosi sindinena zambiri. Tinali ambiri moti kugona kunali kosinthana, ndipo ndowa ya pakona inali yofanana ndi zomwe ndinkakhoma ndekha. Tsiku lotsatira ananditengera m'kachipinda kena kakumbuyo. Anandimanga manja kumbuyo, nayamba kundimenya kuphazi ndi m'chiuno. Funso linali limodzi, loti gulu langa ndi ndani. Ndinawauza zoona, kuti ndinagula kwa munthu wosamudziwa. Zoonazo sizinawakwanire.

“Madala, tisatayitsane nthawi,” anatero wamkulu wawo. “Pa shedi paja mumagwira ndi ndani?”

Ndinati ndimagwira ndi Fanuwelo. Ndodo inaima. Anafunsa ngati nayenso amabweretsa malata, ine ndinati inde, nthawi zina amabweretsa. Sizinali zabodza, koma ndinadziwa kuti si zomwe ankafunsa. Ndinaona kuti dzina la mnzanga laziziritsa ndodo, ndipo sindinawonjezere kuti tsiku limenelo iye anali kumaliro. Ichi ndakhala ndikuchibisa ngakhale kwa mkazi wanga.

Wamkulu uja analemba tsamba lathunthu, naitana wapolisi wamkazi uja kuti akhale mboni ndikamasaina. Anandifunsa ngati ndimatha kuwerenga. Mtsikanayo ataona mmene ndinkaliyang'anira pepalalo anati, “Ngati maso akuvuta, agogo, ndikuwerengereni.” Inu owerenga, Mulungu ananditsegulira khomo pakamwa pa mwana ameneyo, ine ndinalitseka ndekha. Ndinakumbukira kuti dzulo lake anali atanditcha wophunzira. Ndinati ayi, ndiwerenga ndekha. Ndinagwira pepala lija, ndikuyendetsa maso uku ndi uku monga ndinkachitira ndi buku la nyimbo, kenako ndinajambula dzina langa pansi pake.

Masana a tsiku lomwelo Fanuwelo anabwera kudzandipatsa chakudya, monga anachitiranso dzulo lake. Anamugwirira pa kauntala pomwepo, kontena ili m'manja, yokulungidwa m'kansalu ka mkazi wake. Ine ananditulutsa pa belo madzulo asanafike, nandiuza kuti tsopano ndine mboni ya boma.

Zomwe zinali papepala lija ndinazimva koyamba m'khothi. Linkati Fanuwelo ndiye anabweretsa malatawo m'mamawa, nandiuza kuti ndisafunse kumene achokera. Linalembedwa m'Chichewa chomwechi, chinenero changa, moti mwana wa sitandade 3 akanandiwerengera. Tisanalowe, wamkulu uja anali atandikokera pambali n'kundiuza kuti ndikasintha mawu ndibwerera m'kachipinda kaja, ndiponso ndidzaimbidwa mlandu wonama. Majisitireti anandifunsa mafunso atatu mwaulemu: ngati dzinalo ndinalemba ndine, ngati ndinawerenga ndisanasaine, ngati alipo anandikakamiza. Ndinayankha kuti inde, inde, ayi. Chiuno chinali chikuwawabe, zipsera zinali kuphazi mkati mwa nsapato, ndikanangovula n'kuonetsa. Sindinavule. Fanuwelo sanakuwe, sananditukwane. Anangondiyang'ana pathumba la malaya.

Anamulamula zaka zisanu ndi ziwiri. Mkazi wake analephera lendi, nasamukira kwa achibale, ndipo ana awiri analekera sukulu panjira. Ine ndinkati ndikamuona mayiyo pamsika ndinkakhota njira. Kundende sindinapiteko ngakhale kamodzi. Ndinkadziuza kuti ndinamenyedwa, aliyense akanatero. Mwina n'zoona pa za m'kachipinda muja. Koma pamene ndinakana kundiwerengera panalibe ndodo, panali manyazi okha.

Patapita zaka ziwiri ndinatula pansi udindo wa kumpingo, n'kulembetsa sukulu ya kwacha. Ndinali mwamuna ndekha pakati pa amayi, ndipo ankandiseka kuti abambo a bolopeni abwera kudzaphunzira a, e, i. Ndinapirira. Chomwe ndinkafuna n'choti pepala lisadzandinamizenso, ngakhale kuti kwa mnzanga zinali zitachedwa kale.

Fanuwelo anatuluka atakhala zaka pafupifupi zisanu. Ndinamva kuti ali kwa mlongo wake ku Machinjiri, akutsokomola kwambiri. Panatha miyezi itatu ndisanalimbe mtima. Tsiku lomwe ndinapita ndinamupeza pakhonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Munthu yemwe ankapinda lata ndi manja anali atatsala mafupa okhaokha. Ndinakhala pansi, osati pampando womwe anandipatsa, n'kumuululira zonse. Pomaliza ndinanena chinsinsi changa chachikulu chija, kuti pa nthawiyo sindinkadziwa kuwerenga.

Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. Atapuma anati, “Achimwene, ndiye mukuti ndi nkhani imeneyo? Ine ndinkadziwa kuyambira kalekale. Msika wonse unkadziwa. Buku la nyimbo lija nthawi zina munkaligwira chadodolido, ife n'kumangokusiyani poti ndinu akulu.”

Ndinagulitsa mnzanga pofuna kubisa chinthu chomwe ngakhale amayi a tomato ankachidziwa.

Sananene kuti wandikhululukira, komanso sanandithamangitse. Anapisa m'bulangete n'kutulutsa kabuku kake ka kuchipatala. “Maso anga anathera kuja,” anatero. “Poti akuti mwaphunzira, tandiwerengerani, akuti ndibwerenso liti?” Ndinamuwerengera, pang'onopang'ono, chala chili pa zilembo. Tsiku lolembedwalo litakwana ndinamuperekeza kuchipatala, ndi maulendo ena awiri otsatira. Mvula yoyamba itagwa anamwalira.

Tsono inu owerenga, makamaka inu amene mumati poti simunabe ndiye apolisi sangakugwireni, mverani ine. Angakugwireni. Akabwera musalimbane nawo ndipo musathawe, chifukwa mukatero mwawapatsa chifukwa chomwe analibe. Funsani mwaulemu chomwe akukumangirani ndi kumene akukutengerani, ndipo auzeni anthu omwe ali pafupi kuti akadziwitse abale anu. Ine ndinawononga mphindi imeneyo ndi kukalipa.

Zambiri ndazidziwa mochedwa, nditayamba kuwerenga ndekha. Munthu womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete. Lamulo limati afikitsidwe kukhothi pasanathe masiku awiri, belo ya kupolisi salipira, ndipo alipo maloya othandiza osauka popanda ndalama, abale anu akafunse kukhothi. Kumenya womangidwa n'kuphwanya lamulo, kaya walakwa kaya sanalakwe. Sindikunamizani kuti mukatchula zimenezi ndodo igwa pansi. Mwina siigwa. Koma sungani m'mutu nkhope, tsiku ndi chipinda. Mukangotuluka pitani kuchipatala akalembe mabala anu. Mukaima pamaso pa majisitireti, vulani nsapato, muonetse. Kumeneko ndi kumene mawu anu ali ndi mphamvu, ndipo ine ndinakafika n'kutseka pakamwa. Dziwaninso kuti si apolisi onse ali ndi mtima umodzi. Mtsikana uja anafuna kundithandiza.

Amisiri anzanga, musagule katundu kwa munthu amene simungathe kukalondolera kwawo.

Ululu ukafika posapiririka, lirani, kuwani, bwerezani zoona zomwezo ngakhale kakhumi, koma musatchule dzina la munthu kuti ndodo ipume. Mabala a kuphazi kwanga anapola m'mwezi umodzi. Dzina lomwe ndinatchula likundiwawabe lero.

Ndipo pepala lililonse lomwe simunalimvetse, musaikepo dzina kapena chala. Ngati simudziwa kuwerenga, nenani, ngakhale pali ana. Pemphani akuwerengereni mokweza pali munthu wina, ndipo pamene sipakugwirizana ndi zomwe munanena, kanani. Manyazi amene mukuwaopawo mwina anzanu anawadziwa kale, akungokulemekezani.

Ine tsopano ndatopa, nyundo ndinasiya, chiuno sichilola. Nkhaniyi ndailemba masabata atatu, ndi bolopeni yobwereka kwa aneba. Ndikangomaliza mzere uno ndikawabwezera. M'thumba la malaya anga simukhalanso kanthu.