Ndakatulo ya Maliro pa Ukwati wa Mlongo Wake

Inu amene mayeso adakugwetsani chagada, tamvani za munthu amene adathamangitsidwa pa ukwati wa mlongo wake weniweni, jekete ili m'manja, anthu akumulozera khomo ndi mafoloko.

Munthuyu anali atalephera mayeso a zolemba zakale za ku Mangalande, koma kunyumba ankadzitchabe mlakatuli. Mlongo wake atapeza banja anamupempha kuti adzalakatule pa phwando. Iye anakumbukira kuti m'kalasi adamvapo za ndakatulo yotchedwa eleji, yotamanda munthu amene wachoka. Tsoka lake, tsiku limenelo adazemba phunziro lili pakati, moti sadamve kuti wochokayo amayenera kukhala womwalira. Safunsa adadya phula.

Anaona kuti mlongo wake akuchokadi pakhomo, basi ndakatulo ndi imeneyo. Atagwira maikolofoni ananena kuti duwa lathotholedwa lisanakhwime, kuti mpando wake watsala kukamwa yasa, kuti amene wamutengayo ndi wankhanza ndipo sabweza. Mkwati anazolika. Azakhali anayamba kusisima, ndipo mayi a mkwati anafunsa ngati pali uthenga umene iwo sanauzidwe. Pomaliza mlakatuli anatembenukira kwa mkwatibwi nati, "Ugone mumtendere, mlongo wanga."

Holo yonse inabuma. Mkwatibwi anaimirira, misozi itasokoneza zodzola kumaso.

"Achimwene, poti mwandiika m'manda ndili moyo, musadzandiyankhulenso. Akufa sayankha."

Anasungadi mawu ake. Akakumana pamsewu ankawolokera tsidya lina, foni sankayankha. Anthu anamupatsa mlakatuliyo dzina lakuti Wamaliro. Dzinalo analipirira, koma za mlongo wake zinamupweteka kwambiri, chifukwa chiyambire ubwana ndi yekhayo amene ankamvetsera ndakatulo zake osayasamula.

Mwa oitanidwa ku ukwati kuja munali bambo wina wa kampani yoyendetsa maliro. Anamufunafuna mpaka anamupeza. Anamuuza kuti pa ntchito yake waona zambiri, koma anthu olira keke ili m'kamwa anali asanawaonepo. Anamulemba ntchito yotsuka galimoto yonyamula maliro ndi kulembera ofedwa mawu otsanzikira.

Wina akadakhazikika pomwepo. Wamaliro analumbira kuti sadzaonekera kwa mlongo wake asanadziwe chimene adalakwitsa. Nthawi ya nkhomaliro anzake akamadya, iye ankathamangira kulaibulale, manja akununkha sopo.

Kumeneko anadziwa kuti ndakatulo yotchedwa soneti ili ndi mizere khumi ndi inayi, ndipo ganizo limatembenuka chakumapeto. Anadziwa kuti ilipo ndakatulo yotamanda chamoyo, ngakhale mbalame, ndiponso ina yolembedwera ukwati basi. Atawerenga zimenezo anagwira mutu pamaso pa anthu. Anadziwanso kuti sewero lachisoni limathera pa imfa ndipo loseketsa limathera pa ukwati. Iye yekha ndi amene adakwanitsa kuphatikiza awiriwo masana amodzi.

Atafika pa soliloke, pamene wosewera amatsala yekha n'kumaulula zakukhosi mokweza, anafuna kuyesa. Analowa m'galaja, naimirira pakati pa mabokosi a maliro, nayamba kudzifunsa mafunso aakulu a moyo. Dalaivala atalowa anamupeza akuyankhula, kenako akudikira ngati wina ayankha. Dalaivalayo anathawa osatseka chitseko, ndipo kuti abwerere pa ntchito zinatengera abwana kukamunyengerera kwawo.

Analembanso mayeso, analephera. Analira pang'ono kuseri kwa galimoto, kenako anakalembetsanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wotsatira anakhoza bwino, anachita maphunziro a uphunzitsi, napeza sukulu. Ana ankamukonda chifukwa mwana akasokoneza mitundu ya ndakatulo sankamukalipira. Ankangomuuza kuti akhale pansi mpaka phunziro lithe.

Komabe mlongo wake anali zii. Zaka zinadutsa, imvi zinayamba.

Tsiku lina ana ataweruka, iye akufufuta bolodi, pakhomo panaima mayi atagwira mtsikana wamkulu ndithu pa dzanja. Anali mlongo wake. Choko chinagwa.

"Achimwene, mwana wangayu walephera mayeso omwe aja. Bambo ake akuti kwawo kulibe zoterezi. Ndi magazi anu awa, konzani nokha."

Wamaliro anafunsa ngati ndiye kuti wamukhululukira.

"Akakhoza," anatero mlongo wake, akubisa kumwetulira. Kenako anakoka mpando wa ana, nakhala kumbuyo kwa kalasi, nati nayenso amvetsera.

Mphunzitsi wa imvi uja analira ngati mwana, ndipo sanachite manyazi.

Inu amene mwagwa pagulu, anthu akukusekani mpaka kukupatsani dzina, bwererani mukamve mbali ya phunziro imene idakudutsani. Amene adakufulatirani akhoza kuchedwa, koma njira ya kwanu akuidziwa. Dzukani, sasani fumbi, ndipo mtima wanuwo musautaye.